Bwato Lalikulu m'Ngalande Yopapatiza

Ku Kalomwe kuli mapiri, minda ya cimanga ndi madimba a kacewere. Kulibe mtsinje waukulu woyendamo sitima. Koma m'madimba muli ngalande. Alimi amakumba ngalande ndi khasu kuti madzi afike pa mbewu.

Ana amakonda kusewera m'ngalandezi. Amatenga phesi la cimanga nkukhala bwato lawo. Phesi ndi lowonda. Limathamanga ndi madzi mpaka kumunsi kwa dimba. Koma mwana akaikamo cikho, zinthu zimasintha. Cikho ndi cotakata. Cikafika popapatiza cimakakamira. Madzi amaima, nasefukira m'mbali. Pamenepo agogo amakuwa ali ku mizere: "Cotsani cikhoco, adzukulu! Mwatseka madzi a anyezi."

Oyendetsa sitima zazikulu za pamadzi amakumana ndi vuto lomweli. Kusiyana kwake ndi kwakuti sitima imanyamula anthu ndi katundu wambiri. Ikakakamira, palibe dzanja limene lingainyamule ngati cikho.

Ngalande ya sitima

M'maiko ena anthu anakumba ngalande zazikulu zoyendamo sitima. Ngalande yotere imalumikiza nyanja ina ndi inzake. Sitima ikadutsa m'menemo, ulendo umafupika. Mafuta satha ambiri ndipo katundu amafika msanga.

Kukumba ngalande m'miyala ndi nchito yowawa. N'cifukwa cake ngalande zambiri zakale ndi zopapatiza. Koma sitima zakhala zikukulirakulira. Tsono sitima yotakata imadutsa bwanji pamalo opapatiza? Pamafunika zinthu zitatu: kuyeza, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kuthandizana.

Coyamba: kuyeza

Bambo wanzeru salowetsa ngolo ya ng'ombe pa cipata cacilendo asanaone kukula kwake. Amayamba waima. Amayang'ana ngolo, nayang'ananso cipata. Akakayika amatenga cingwe nayeza. Woyendetsa sitima amacitanso cimodzimodzi, ulendo usanayambe.

Iye amafuna kudziwa miyezo itatu. Woyamba ndi m'lifupi: kodi sitima ndi ngalande, cotakata n'citi? Waciwiri ndi kuya: kodi pansi pa sitima sipakhudza matope kapena miyala? Wacitatu ndi m'litali: kodi sitima yaitali cotere ikhota bwino pokhota?

Palinso cina. Ngalande ya m'dimba imakhala yotakata pamwamba, yopapatiza pansi. Ngalande ya sitima ndi yoteronso. Conco sitima yolemera, yomira kwambiri m'madzi, imafika kumene kuli kopapatiza. Sitima yopepuka imayandama pamwamba, pamene pali malo ambiri.

Sitima ya Braemar

Ku dziko la Greece kuli ngalande ya Corinth. Ili pafupi ndi mzinda umene m'Baibulo amati Korinto. Anaitsegula m'caka ca 1893. M'litali mwake ndi makilomita 6 ndi pang'ono. Makoma ake ndi a miyala, ndipo m'malo ena ndi otalika kuposa mamita 70. Pamwamba pa madzi, ngalandeyi ndi yotakata pafupifupi mamita 24 ndi theka. Pansi ndi mamita 21 okha. Kuya kwa madzi ndi mamita 8.

M'mwezi wa Okutobala, caka ca 2019, panafika sitima yonyamula alendo, dzina lake Braemar. M'litali mwake inali mamita 196, pafupifupi mabwalo a mpira awiri ondondozana. M'lifupi mwake inali mamita 22 ndi theka. Munali alendo oposa 900.

Sitimayi inali yotakata kuposa pansi pa ngalande. Koma sinali yomira mpaka pansi. Inkayandama pamwamba, pamene ngalande ndi yotakata. Mbali ya kumanja kunatsala mpata wa mita imodzi. Mbali ya kumanzere kunatsalanso mita imodzi. Mita imodzi ndi pafupifupi msinkhu wa mwana woyamba sukulu.

Kasitima kakang'ono kamphamvu kanatsogola, kakukoka Braemar ndi cingwe. Braemar inatsatira pang'onopang'ono, pakati penipeni. Alendo anaima m'mbali, akuona khoma la miyala pafupi ndi manja awo. Sitimayo inatulukira kutsidya bwinobwino. Sitima yaitali cotere inali isanadutsepo m'ngalandemo.

Caciwiri: kuyenda pang'onopang'ono

N'cifukwa ciyani sitima sithamanga m'ngalande? Yankho lili m'madzi.

Sitima ikamayenda imakankha madzi. Madziwo amafuna njira yobwerera kumbuyo kwa sitima. Panyanja malo ndi ambiri, madzi amapatuka mosavuta. Koma m'ngalande amadzipanikiza pa kampata ka pakati pa sitima ndi khoma. Madzi opanikizika amathamanga. Mwana aliyense amene anapanikizapo ngalande ya m'dimba ndi mwala amadziwa zimenezi.

Madzi othamangawo amakoka. Amakokera kumbuyo kwa sitima ku khoma, mutu wake nuloza mbali ina. Madzi a pansi pa sitima nawonso amathamanga, ndipo sitima imatsikira pansi pang'ono. Liwiro likakula, kukokako kumakulanso. N'cifukwa cake ngalande iliyonse ili ndi lamulo la liwiro.

Koma kucedwa kwambiri kulinso ndi vuto lake. Sitima ikatsala pang'ono kuima, ciwongolero cake sicigwira bwino nchito. Mphepo imaikankhira kumbali. Woyendetsa amasankha liwiro la pakati: osathamanga, osaimanso.

Cacitatu: kuthandizana

Ngolo ikamalowa pa cipata copapatiza, munthu mmodzi amagwira ng'ombe. Wina amaima kutsogolo, akulozera ndi dzanja. Wina amayang'ana mateyala. Pa sitima palinso anthu otere.

Sitima ikafika pa khomo la ngalande, mumakwera munthu wodziwa bwino ngalandeyo. Iye amadziwa pamene pali posaya, pokhota, ndi pamene mphepo imavuta. Woyendetsa sitima amamvera malangizo ake. Anchito ena amaima kutsogolo ndi kumbuyo, akuyang'ana khoma. Timasitima tokoka timagwira sitima ndi zingwe. Mabwato ang'onoang'ono amapacika mateyala akale m'mbali kuti akagunda khoma asabooke.

Ku ngalande ya Panama, imene anaitsegula mu 1914, sitima imalowa m'zipinda za madzi zokhala ndi zitseko. Zipinda zakale ndi zotakata mamita 33 ndi theka. Sitima yaikulu yololedwa m'menemo imasiya mpata wa masentimita 60 okha mbali iliyonse. Umenewu ndi utali wa mkono wa munthu wamkulu. M'mbali mwa zipindazo muli njanji. Pa njanjipo pamayenda mainjini a magetsi. Mainjiniwo amagwira sitima ndi zingwe za waya, ena kumanja, ena kumanzere, kuti ikhale pakati.

Zikalakwika

Ku Egypt kuli ngalande ya Suez. Pa 23 Malici 2021 munalowa sitima ya katundu, dzina lake Ever Given. M'litali mwake inali mamita 400, pafupifupi mabwalo a mpira anayi. Tsikulo kunali mphepo yamphamvu ndi fumbi. Sitimayo inkathamanganso kuposa lamulo la m'ngalandemo. Inapendeka, mutu wake nubaya m'mcenga wa tsidya lina, kumbuyo kwake nkutsamira tsidya linalo. Inatseka ngalande yonse, monga cikho cija m'dimba.

Sitima zina zoposa 400 zinaima kudikira. Zina zinanyamula mafuta, zina cakudya, zina ziweto zamoyo. Anchito anakumba mcenga usana ndi usiku. Timasitima tokoka tinakoka ndi kukankha. Patatha masiku 6, madzi a nyanja atakwera, sitimayo inayandamanso. Linali tsiku la 29 Malici.

Nkhani za sitima zimafika mpaka ku mapiri. Malole ambiri odutsa pa malire a Kalomwe kupita ku Dedza amacokera ku doko la Beira. Feteleza ndi mafuta amene amanyamula amafika ku Beira pa sitima. Sitima ikacedwa panyanja, lole imacedwanso pamsewu, ndipo mlimi amadikira.

Pamene sitima singadutse

Nthawi zina miyezo imakana. Pamenepo woyendetsa wanzeru sakakamiza. Pali njira zitatu: kubwerera, kuphwasula sitima, kapena kukulitsa ngalande.

Njira yoyamba inacitika pa mtsinje wa Zambezi, m'cigawo comwe cino ca Tete. M'caka ca 1858 David Livingstone anafika ku Tete ndi kasitima koyendera moto wa nkhuni. Dzina lake kanali Ma-Robert, kutanthauza amake a Robert, amene anali mkazi wa Livingstone. Iye ankafuna kuti Zambezi akhale msewu wa sitima wopita m'kati mwa Africa. M'mwezi wa Novembala anakwera mtsinje kucokera ku Tete. Anafika ku Cahora Bassa. Kumeneko mtsinje unkadzipanikiza pakati pa mapiri. Madzi ankathamanga pakati pa miyala ikuluikulu. Kasitima kanalephera kupitirira. Livingstone ndi anzake anakasiya, nayenda pansi pa miyala yotentha kukaona kutsogolo. Anapezako mathithi. Anabwerera, ndipo mu Januwale 1859 anayesa mtsinje wa Shire. Pa malo opapatiza a Cahora Bassa, pafupi ndi Songo, ndi pamene anadzamangapo damu la magetsi, limene linatha mu 1974.

Njira yaciwiri inacitika pa Shire. Nawonso uli ndi mathithi. M'caka ca 1875 Edward Young ndi Robert Laws anabwera ndi kasitima kena, dzina lake Ilala. Iyi si Ilala ija inayamba kuyenda mu 1951, koma yoyamba, yaing'ono. Atafika pa mathithi, anamasula kasitimako zidutswazidutswa. Mafumu a Amakololo anasonkhanitsa anthu mazanamazana a m'midzi ya kumeneko. Anthuwo anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Atapitirira mathithi, analumikizanso zidutswa zija. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja ya Niassa, imene ku Malawi amati Nyanja ya Malawi. Pakanapanda osenza aja, sikanafika.

Njira yacitatu inacitika ku Panama. Sitima zatsopano zinakula kuposa zipinda zakale. Anthu anamanga zipinda zina zotakata mamita 55, nazitsegula mu 2016. Mlimi amacitanso comweco akamakulitsa ngalande ya m'dimba ndi khasu.

Cikho cikakakamira, mwana amacinyamula, madzi nayendanso. Sitima ilibe woinyamula. N'cifukwa cake woyendetsa amayeza asanalowe.

Mawu atsopano

Ngalande: njira ya madzi yokumbidwa ndi anthu.
Popapatiza: pamalo pocepa m'lifupi.
Doko: malo amene sitima zimaima potsitsa katundu.
Mathithi: malo amene madzi a mtsinje amagwa kucokera pamwamba pa miyala.
Ciwongolero: cipangizo cokhotetsera sitima.

Mafunso

1. N'cifukwa ciyani phesi limadutsa m'ngalande koma cikho cimakakamira?
2. Woyendetsa sitima amayeza zinthu zingati? Ndi ziti?
3. Braemar inasiya mpata wotani mbali iliyonse?
4. N'cifukwa ciyani sitima sithamanga m'ngalande?
5. Ma-Robert inalephera kudutsa pati?
6. Ndani anasenza Ilala?

Nchito ya kunyumba

Mwana atenge timitengo tiwiri towongoka. Atigoneke pansi moyang'anizana, nkukhala makoma a ngalande. Atengenso bokosi la macesi, nkukhala sitima. Amange ulusi kutsogolo kwa bokosi. Akoke pang'onopang'ono, bokosi lisakhudze timitengo. Kenako ayandikize timitengo, ayesenso. Pomaliza ayeze ndi zala m'lifupi mwa bokosi ndi m'lifupi mwa ngalande, asanakoke, nanene ngati sitima idutsa.

Kwa makolo ndi azibale aakulu

Nkhaniyi ndi yaitali kwa mwana woyamba sukulu. Ndi bwino kumuwerengera gawo limodzi madzulo aliwonse. Manambala aakulu asamuvute. Cofunika ndi cakuti adziwe mawu awa: cotakata, copapatiza, cakuya, cosaya, cacitali, cacifupi. Tsiku lopita ku dimba, amayi kapena abambo amupatse cingwe kuti ayeze ngalande pamwamba ndi pansi. Mwana asasewere yekha pafupi ndi citsime kapena mtsinje wodzala.