Nkhokwe Ziwiri za Wowerenga wa M'malire: Nkhani Zopeka Zoyenera Achinyamata a ku Mecanhelas

Boma la Mecanhelas, lomwe likulu lake ndi Insaca, lili kumwera kwa chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique, ndipo chakumadzulo lachita malire ndi Malawi m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, kumene njanji yochokera kudoko la Nacala imadutsa pa Entre Lagos n'kulowa m'Malawi pa Nayuchi. Mabanja ambiri a m'bomali amalankhula Chinyanja, chomwe ku Malawi chakhala chikutchedwa Chichewa kuyambira mu 1968, ena amalankhula Chimakua kapena Chiyao, pomwe sukulu, maofesi ndi mayeso zimayendera Chipwitikizi, chilankhulo cha boma chiyambire pomwe dzikolo linalandira ufulu pa 25 June 1975. Motero mnyamata kapena mtsikana wa zaka zapakati pa 13 ndi 19 wokulira kuderali ali ndi nkhokwe ziwiri zotapamo nkhani: ina ili tsidya la malire ndipo imamulankhula m'mawu a kwawo, ina ili m'dziko lake lomwe ndipo imamuuza mbiri ya dzikolo m'mawu a kusukulu. Womusankhira mabuku akatsekula nkhokwe imodzi yokha, wamumana theka la chuma chake.

Nkhani zopeka ndi nkhani zimene zochitika zake ndi anthu ake mlembi amachita kulenga m'mutu mwake, ngakhale kuti dothi loumbira amalitapa m'moyo weniweni. M'gululi muli nthano, zomwe zinayamba ndi pakamwa zisanafike papepala; nkhani zazifupi, zomwe munthu amatha kumaliza pa nthawi imodzi ndipo kusukulu za ku Mozambique amazitcha conto; komanso nkhani zazitali zodzaza buku lathunthu, zomwe m'Chipwitikizi amati romance, mawu amene satanthauza nkhani ya chikondi yokha ayi. Anthu opezeka m'nkhanimo amatchedwa ampangankhani, ndipo liwu limene likusimba zochitikazo ndi mfotokozankhani. Buku loyenera wachinyamata limadziwika ndi zinthu zitatu: chilankhulo chimene sichimupunthwitsa pa mzere uliwonse, mpangankhani amene mavuto ake akufanana ndi ake, ndi nkhani imene siimunamiza za mmene moyo ulili. Makolo ndi aphunzitsi kawirikawiri amafunsa za phunziro lili m'buku asanafunse ngati bukulo likukoma, koma nkhani yomwe imalangiza pa tsamba lililonse imasiyidwa panjira, ndipo phunziro lakelo limatsalira komweko.

Pali chifukwa chomveka choyambira ku nkhokwe ya Chinyanja. Dziko la Mozambique linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo zawo kuyambira mu 1993 mpaka mu 1997, pogwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo cha mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kulowa m'sukulu zina za pulaimale m'zigawo zosiyanasiyana. Maphunzirowa amathera kupulaimale, kotero kuti mwana amene anaphunzira kuwerenga chilankhulo cha amayi ake amafika kusekondale, pa msinkhu umene mtima umalakalaka nkhani koposa, n'kupeza kuti m'chilankhulocho mulibenso choti awerenge kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo. Mabuku a ku Malawi angathe kutseka mpata umenewu, ndipo kusiyana kwa kalembedwe si chopinga chachikulu, pakuti pomwe a ku Mozambique ndi ku Zambia amalemba cimanga ndi cinthu, a ku Malawi amalemba chimanga ndi chinthu, ndipo diso limazolowera tsamba loyamba lisanathe.

Kwa woyamba kumene, wa zaka 13 kapena 14, buku la John Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe, lomwe linatuluka mu 1965, ndi khomo labwino lolowera, chifukwa mlembi anatenga nthano yodziwika kale n'kuikuza kuti ikhale buku. Anyamata awiri apachibale amapita kukagwira ntchito kutali, Sikusinja wakhama ndi wosunga chuma, Gwenembe waulesi ndi wansanje, ndipo pobwerera kumudzi waulesiyo amapha mbale wake kuti atenge katundu wake, koma mbalame imamutsata njira yonse n'kumaimba zimene wachita. Wowerenga amene anakulira pa nthano za agogo amazindikira msanga kayendedwe ka nkhaniyi, popeza kubwerezabwereza kwa nyimbo ya mbalame ndi luso lomwe lija la pabwalo madzulo, ndipo potero amaphunzira kuti buku ndi nthano yomwe yangopeza nyumba yatsopano.

Pambuyo pake pangabwere Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lomwe linasindikizidwa mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolembedwa m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Bukuli limatsata moyo wa munthu mmodzi kuchokera pa kubadwa mpaka pa imfa: ubwana wosamvera, kuba, ulendo wopita kumaiko a kumwera kukafuna ntchito, kubwerera kumudzi, kulongedwa ufumu ndi kutembenuka mtima. Ngakhale papita zaka zoposa 90 chilembedwere, funso lake likadali lamoyo ku Mecanhelas, kumene mnyamata amaona sitima za malasha zochokera ku Moatize zikudutsa n'kumalingalira za Cuamba, Nampula kapena Joni. Aphunzitsi angachite bwino kuuza ophunzira kuti bukuli linalembedwa pa mishoni ndipo limaona miyambo ina ndi maso a mishoni, pakuti kudziwa pamene mlembi waima n'chiyambi cha kuwerenga mozindikira.

M'zaka za m'ma 1980 ku Malawi kunatuluka mabuku ang'onoang'ono ambiri okamba za moyo wamakono, za chikondi, ndalama, sukulu ndi mabanja, ndipo ena mwa alembi ake odziwika ndi Willie Zingani, amene analemba Madzi Akatayika ndi Njala Bwana, Jolly Max Ntaba, amene analemba Mtima Sukhuta, Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mwana wa Mnzako, komanso Whyghtone Kamthunzi, mlembi wa Tiferenji ndi Wachitatu Nkapasule. Chochititsa chidwi ndi chakuti mitu yambiri mwa imeneyi ndi miyambi yodulidwa pakati, yomwe wowerenga amamaliza yekha: akaona mutu wonena za madzi otayika amadziwa kale kuti saoleka, ndipo akaona wa litsiro amadziwa kuti ikunenedwayo ndi mvula. Mtsikana wa ku Mecanhelas, amene mwina sanapondepo ku Blantyre kumene ambiri mwa mabukuwa anasindikizidwa, amamaliza mwambiwo ndi mawu amene anamva kwa anakubala ake, ndipo pamenepo amazindikira kuti malire a maiko sanadule chilankhulo.

Nkhokwe yachiwiri, ya Chipwitikizi, itsekulidwe ndi buku la Luís Bernardo Honwana lotchedwa Nós Matámos o Cão-Tinhoso, kutanthauza kuti tinapha galu wamphere, lomwe linatuluka mu 1964 ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, chaka chomwe mlembiyo anamangidwa ndi apolisi achinsinsi a atsamunda. M'bukuli muli nkhani zisanu ndi ziwiri, ndipo zingapo mwa izo mfotokozankhani wake ndi mwana. M'nkhani yoyamba mkulu wina wa zoweta amatuma gulu la anyamata a sukulu kuti akaphe galu wokalamba wa zilonda thupi lonse, anyamatawo amatenga mfuti za abambo awo, ndipo Ginho, yemwe akusimba nkhaniyi, amakakamizidwa kuwombera koyamba pofuna kuti anzake asamutche wamantha, pomwe kamtsikana kotchedwa Isaura, komwe kankagawana chakudya ndi galuyo, kakuyesetsa kumuteteza. Akuluakulu amaona m'nkhaniyi chithunzi cha ulamuliro wa atsamunda, koma wa zaka 15 amayamba waonamo chinthu chomwe akuchidziwa bwino, chomwe ndi mantha a kusekedwa ndi anzake, omwe amachititsa munthu chinthu chimene mtima wake ukukana. Nkhani ina m'buku lomweli, As Mãos dos Pretos, ndi yaifupi zedi moti ingawerengedwe m'kalasi pa phunziro limodzi, ndipo imasimba za mwana amene akufunsa anthu osiyanasiyana chifukwa chimene zikhatho za anthu akuda zilili zoyererapo kusiyana ndi thupi lonse, mpaka yankho la amayi ake likuposa mayankho onse achipongwe amene anamva.

Kwa a m'makalasi omalizira a sekondale, Terra Sonâmbula, buku la Mia Couto la mu 1992, lomwe mutu wake ukunena za dziko loyenda lili m'tulo, ndi limene limafika pafupi kwambiri ndi mbiri ya mabanja a m'malire. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992, inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo achinyamata a lero anabadwa itatha kale, moti amangoimva m'zidutswa kwa makolo amene sakonda kuikamba. M'bukuli mnyamata wotchedwa Muidinga, yemwe anaiwala kwawo ndi dzina lake lenileni, akuyenda ndi nkhalamba Tuahir, ndipo awiriwa amabisala m'basi yopserera m'mbali mwa msewu, kumene amapeza chikwama chokhala ndi makope a munthu wina wotchedwa Kindzu. Usiku uliwonse mnyamatayo amawerengera nkhalambayo makopewo mokweza pafupi ndi moto, motero mwambo wa nthano umatembenuka, mwana ndiye akusimbira mkulu, ndipo kuwerenga kumasanduka chakudya cha anthu amene alibe china chilichonse. Chipwitikizi cha Couto n'chovutirapo, chifukwa iye amaumba mawu atsopano polumikiza akale, choncho bukuli limakoma likawerengedwa pagulu, pali wina wothandiza kumasula mfundo.

Atsikana ndi anyamata omwe angapindule ndi Balada de Amor ao Vento, buku la Paulina Chiziane la mu 1990, lomwe limadziwika kuti ndi nkhani yaitali yoyamba kusindikizidwa ndi mayi wa ku Mozambique. Sarnau amakonda Mwando, koma Mwando amamusiya n'kukwatira mkazi amene makolo ake amusankhira, ndipo Sarnau amakwatiwa kubanja lachifumu kumene amakumana ndi zowawa za mitala. Nkhaniyi inachokera kumwera, kumene mwamuna amapereka lobola ndipo ana amakhala a kuchimuna, pomwe Anyanja, Amakua ndi Ayao amatsata mbumba ya kuchikazi ndipo mkamwini ndiye amapita kwa mkazi. Kusiyana kumeneku n'kothandiza, chifukwa wowerenga wa ku Niassa amakakamizika kudzifunsa ngati mtsikana wa kwawo ali ndi ufulu woposa wa Sarnau posankha tsogolo lake, funso lomwe lili ndi kulemera kwake m'dziko limene mu 2019 linakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18. Chiziane analandira mphoto ya Camões, yomwe ndi yaikulu koposa pa zolembedwa m'Chipwitikizi, mu 2021, ndipo Couto anailandira mu 2013.

Mabuku ena ndi ofunika kudikira kuti wowerenga akhwime. Ninguém Matou Suhura, nkhani zazifupi za Lília Momplé za mu 1988, zimaonetsa nkhanza za atsamunda mosabisa, kuphatikizapo kugwiriridwa kwa mtsikana wa pa Ilha de Moçambique, ndipo Ualalapi, buku la Ungulani Ba Ka Khosa la mu 1987 lonena za mfumu Ngungunhane ya ku Gaza, lili ndi magazi ambiri. Onsewa ndi mabuku apamwamba, koma ndi ndiwo za tsabola, zosayenera kuyambira mwana amene akuphunzira kumene kudya.

Vuto lotsala ndi la kapezedwe ka mabukuwa, pakuti m'maboma akumidzi mashopu a mabuku ndi osowa, ndipo ena mwa mabuku a Chichewa a zaka za m'ma 1980 sapezeka msanga ngakhale ku Malawi komweko. Komabe njira imene imabweretsa sopo, shuga ndi zitenje pa Nayuchi ingathenso kubweretsa buku logulidwa ku Zomba, Balaka kapena Blantyre, ndipo buku limodzi lowerengedwa mokweza pansi pa mtengo wa mango, wina akuwerenga ena akumvetsera n'kumatsutsana za khalidwe la Gwenembe kapena mantha a Ginho, limakwanira anthu khumi. Achinyamata amene amatsata nkhani za Chichewa zotuluka m'zigawozigawo pa Facebook ndi WhatsApp aonetsa kale kuti njala ya nkhani ilipo, chosowa ndi chakudya chokhalitsa m'mimba.

Pa nkhokwe ziwirizi pali chinthu chimodzi chimene sichinalowemo mokwanira, chomwe ndi Mecanhelas mwini wake. Nkhani zazitali zolembedwa m'Chinyanja cha ku Mozambique n'zochepa kwambiri, kotero kuti msodzi wa matemba wa pa Chilwa, mlimi wa mpunga wa m'madambo ndi mtsikana amene amawerengera ndalama m'metikali ndi m'kwacha pa tsiku limodzi akudikirabe wowalemba. Nthara anali ndi zaka 28 pamene Nthondo ankatuluka, ndipo Honwana anali ndi zaka pafupifupi 22 pamene nkhani ya galu wamphere inkasindikizidwa, zomwe zikusonyeza kuti amene adzalembe za anthu amenewa mwina pakali pano ali m'kalasi ku Insaca, ndipo chimene akusowa ndi munthu womubwereka buku loyamba.