Sefa Yolekanitsa Mchere ndi Madzi

Amayi anzanga, sefa ya ufa tonse timaidziŵa. Koma kodi munamvapo za sefa yolekanitsa mchere ndi madzi? Makamaka inu a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere osamweka, tcherani khutu.

Nkhaniyi inayambira pa sukulu ya ukachenjede ya Manchester ku Mangalande. M'chaka cha 2004, akatswiri aŵiri, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, anatenga graphite, mwala wakuda wofeŵa uja wa mumtima mwa pensulo. Anamatapo selotepi ndi kumatula, kumatanso ndi kumatulanso, monga tichitira posenda anyezi, kufikira atatsala ndi khungu limodzi lopyapyala kotheratu, lotchedwa graphene. Kuti makungu otere akwane milimita imodzi, pafunika kusanjikiza pafupifupi 3 miliyoni. Chikhalirecho khungulo ndi lolimba kuposa chitsulo. Pa ntchito imeneyi aŵiriŵa analandira mphoto ya Nobel mu 2010.

Tinthu tating'ono chotere amatiyesa ndi nanomita, ndiye kuti milimita imodzi yogaŵidwa magawo 1,000,000.

Akatswiri ena a pa sukulu yomweyo, motsogozedwa ndi Rahul Nair, anasanja makungu a mtundu umenewu kuti akhale sefa, madzi azidutsa m'mipata ya pakati pake. Vuto linali lakuti sefayo ikanyoŵa inkafufuma, mipata nkukula, mchere nkumadutsa nawo. Mu 2017 analengeza kuti apeza njira: anaipana ndi ulimbo wolimba uku ndi uku kuti isafufume. Mipata inatsala yosakwana nanomita imodzi. Madzi anadutsa, mchere unatsalira.

Musathamangire kusitolo, amayi, pakuti sefayi sinafike pa mijigo yathu. Kupanga yaikulu ndi yotsika mtengo ndi ntchito ina yofuna anthu ophunzira.

Tsono taganizani. Mwala wa graphite ulipo m'nthaka yathu yomwe ino, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Kodi tidzangokumba ndi kugulitsa, ena nkudzatigulitsa sefa? Amene amadziŵa kuŵaŵa kwa ndowa pamutu ndi mwana wamkazi. Choncho pamene akuŵerenga masamu ndi sayansi, musamdule ndi kumtuma kumadzi tsiku ndi tsiku. Anyamata nawonso atunge. M'mera mpoyamba. Mgulireni pensulo, ndipo pomupatsa mumuuze zimene zili mumtima mwake.