Nyali Yoyenera M'tenti: Zofunika Kuganizira Madzi Asanasefukire

Mvula ikagwa mwamphamvu kumtunda, ife a m'Chigwa cha Shire timadziwa chimene chimatsatira. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anasamutsa anthu oposa 600,000, mabanja ambiri a m'mawodi athu anakagona m'misasa. Ena anapeza malo m'makalasi, ena m'matenti amene boma ndi mabungwe othandiza anapereka. Pothawa madzi munthu amanyamula ana, ufa, zofunda ndi ziphaso. Za nyali amazikumbukira dzuwa litalowa kale, ndipo chimene chimapezeka msanga ndi kandulo kapena koloboyi.

Apa ndi pamene pali ngozi. Tenti si nyumba ya njerwa. Nsalu yake kawirikawiri imakhala ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo lona amene ambiri amakhomera pamitengo ndi pulasitiki weniweni. Zinthu zimenezi zikakumana ndi lawi zimasungunuka ndi kudontha, ndipo dontho lililonse limamatirira pakhungu. Onjezanipo neti ya udzudzu yolendewera, mphasa, zovala ndi matumba a katundu zopanikizana pamalo amodzi, khomo n'kukhala limodzi lokha, lomangidwa usiku. Mwana akagudumula kandulo ndi phazi ali m'tulo, banja limakhala ndi nthawi yochepa kwambiri yotulukira. M'misasa matenti amayandikananso, choncho moto wa banja limodzi suchedwa kukhala wa mzere wonse.

Koloboyi ali ndi vuto lina. Utsi wake wakuda umene timauona padenga la nyumba ndi womwewo umene umalowa m'chifuwa cha khanda m'tenti yotsekedwa. Palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa ana amamuyesa madzi. Ndipo popeza tatchula za moto, tinenenso za mbaula: makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Mbaula isalowe m'tenti, kaya n'chifukwa cha kuzizira, kaya n'chifukwa chofuna kuwala.

Choncho nyali ya m'tenti ikhale yopanda lawi, kutanthauza nyali ya LED yoyendera mabatire kapena mphamvu ya dzuwa. Koma nazonso zimasiyana, ndipo ambiri timanyengeka pogula.

Tochi imaponya kuwala kutsogolo pamalo amodzi. Ndi yabwino popita kuchimbudzi usiku, kumene munthu afunika kuona njoka ndi zithaphwi, koma m'tenti imathobwa m'maso aliyense amene yamuloza pamene ngodya zonse zili mumdima. Chofunika m'kati ndi nyali yomwaza kuwala mbali zonse, ya chivundikiro choyera ngati mkaka, ndiponso yokhala ndi chogwirira kapena kokolekera. Ikoloweke pamwamba pakati pa tenti. Mukaiika pansi, kuwala kwake kumathera m'miyendo ndi m'katundu. Amene ali ndi tochi yokha angathe kuitsamiritsa pabotolo loyera lodzaza madzi, kuwala kukuloza m'botolomo; madzi amakumwaza ndipo tenti imawala bwinoko. Banja limene lingakwanitse likhale ndi zonse ziwiri, kuti wina akatuluka ndi tochi ana asatsale mumdima.

Pabokosi la nyali pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi mawu akuti lumens kapena zilembo lm. Umenewu ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala. Kandulo imodzi imatulutsa malumeni pafupifupi 12. Nyali ya malumeni 25 mpaka 50 imakwanira podyera, poyamwitsa ndi poyala mphasa, ndipo mwana wa sukulu angawerenge akaiyandikira. Ya malumeni 100 imawalitsa bwino tenti ya banja la anthu asanu. Ogulitsa amakonda kutamanda nyali zowala ngati galimoto, koma kuwala kochuluka kumamaliza batire msanga. Kunena zoona, nyali yowala pang'ono imene imafika m'bandakucha ndi yaphindu kuposa yowala kwambiri imene imazima anthu asanamalize kudya. Funsani maola amene imayaka, ndipo sankhani yokhala ndi posinthira, kuti muziichepetsa anthu akagona.

Pali chifukwa china chochepetsera kuwala chimene amayi ndi atsikana amene anakhalapo m'misasa amachidziwa bwino. Nyali ikakhala yowala m'kati, kunja kuli mdima, nsalu ya tenti imaonetsa chithunzithunzi cha munthu kwa aliyense wodutsa. Posintha zovala ndi bwino kuichepetsa kapena kuizimitsa, ndipo munthu asaime pakati pa nyali ndi nsalu. Kuwala koyera kwambiri kumaitananso tizilombo touluka kuposa kuwala kofiirira ngati kwa nyali yagalasi, choncho nyali isakolowekedwe pakhomo penipeni.

Nanga mphamvu ichokere kuti? Nyali za mabatire ogula n'zotsika mtengo tsiku loyamba, koma mabatire akatha mumsasa, msewu utaduka ndipo ndalama zikufunika pa chakudya, nyaliyo imangokhala katundu. Zotchaja kumagetsi zimadalira ESCOM, ndipo tikukumbukira kuti namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko n'kukhala m'mavuto a magetsi kwa miyezi yambiri. Nyali ya sola ndiyo imene imadziimira payokha. Komabe dziwani kuti masiku a mitambo ndi mvula, amene ndiwo masiku okhala mumsasa, imatchaja pang'ono. Ndi nzeru kuiyatsa pa mlingo wotsika masiku amenewo ndi kupukuta fumbi kapena matope pagalasi lake.

Ngati n'kotheka, sankhani ya sola imene kagalasi kake n'kapadera, kolumikizidwa ndi waya. Kagalasi kamakhala padzuwa pamene nyali ili pamthunzi pafupi nanu, motero simuopa kubedwa, ndiponso batire silipsa ndi kutentha. Kuno dzuwa limafika pa madigiri 40, ndipo batire losiyidwa padzuwa tsiku lonse kapena m'tenti yotsekedwa masana silikhalitsa. Nyali zina zimatchajanso foni. Zimenezi n'zothandiza pomva machenjezo ndi polankhula ndi abale, koma foni ikamwa mphamvu masana, usiku nyali imayaka maola ochepa.

Msika wadzaza ndi nyali zooneka bwino zimene zimafa sabata isanathe. Pogula yang'anani ngati pali lonjezo la kukonza kapena kusintha nyali ikawonongeka. Nyali zimene zinayesedwa ndi pulogalamu ya VeraSol zimakhala ndi lonjezo la chaka chimodzi kapena kuposerapo. Sungani lisiti. Zilembo IPX4 zimatanthauza kuti nyali imapirira madzi owazika ngati a mvula, koma osati kumira.

Nyali yogula lero isangotsekeredwa m'sutikesi kudikira ngozi, chifukwa batire losatchajidwa kwa miyezi yambiri limafooka. Igwiritseni ntchito kunyumba, ana aziwerengera, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo izigona yodzaza, pamalo amodzi ndi ziphaso za banja ndi mabuku a kusikelo. Makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi angachite bwino kufunsa za nyali pamene akuyendera mabanja a okalamba ndi a anthu a ulumali, amene kuthawa moto usiku kumawavuta kuposa ena onse.