Ntchito ya loya pogula nyumba: umwini umasintha m'kaundula wa malo

Wogwira ntchito m'boma akalandira ndalama zake zopumira pa ntchito, kapena banki ikamuvomera ngongole, nthawi zambiri chomwe amayamba kuganizira ndi kugula nyumba. Ambiri amalipira ndalama, kusayinirana kalata pamaso pa mboni ziwiri, kulandira makiyi, n'kuyesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma malingana ndi lamulo la Registered Land Act la 1967, m'madera momwe lamuloli likugwira ntchito, monga m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, mwini malo ndi munthu yemwe dzina lake lalembedwa m'kaundula wa boma. Ntchito yaikulu ya loya pogula nyumba ndi kuonetsetsa kuti ndalama za wogula zisafike m'manja mwa wogulitsa pasanakhale chitsimikizo choti dzina la wogulayo lilowadi m'kaundulamo.

Loya woyenera kugwira ntchitoyi ndi yemwe ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, pakuti ziphaso za maloya zimaperekedwa chaka ndi chaka. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya omwe ali ndi ziphaso, ndipo lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018 limapereka njira yodandaulira loya akasokoneza ndalama za munthu yemwe akumuyimira. Chomwe anthu ambiri amachinyozera n'chakuti wogula ayenera kukhala ndi loya wakewake. Loya wa wogulitsa amateteza wogulitsa, ndipo loya wa banki amaonetsetsa kuti chikole cha banki chalembedwa bwino. Kugwiritsa ntchito loya mmodzi mbali zonse kumaoneka ngati kupulumutsa ndalama, koma mkangano ukabuka wogula amazindikira kuti analibe womuyankhulira.

Loya akalandira ntchito, amayamba wapempha chiphaso cha unzika cha wogula ndi kufunsa komwe ndalama zachokera. Ena amakhumudwa ndi funsoli, komatu lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limakakamiza maloya kutero pa malonda a malo ndi nyumba.

Kenaka amakachita kafukufuku ku ofesi ya kaundula wa malo pogwiritsa ntchito nambala ya malowo. Tsamba la malo aliwonse m'kaundulamu lili ndi zigawo zitatu: choyamba chimafotokoza malowo, chachiwiri chimatchula mwini wake, ndipo chachitatu chimaonetsa ngongole ndi zina zonse zomwe zamangirira malowo. Nyumba ikhoza kuoneka yosamalika, wogulitsa n'kukhala ndi chikalata cha umwini m'manja, chonsecho inaperekedwa kale ngati chikole ku banki, kapena wachibale anaikapo chiletso choti isagulitsidwe. Chikalata chomwe wogulitsa amaonetsa chimangonena momwe zinthu zinalili tsiku lomwe chinatuluka, pomwe kaundula amanena momwe zilili lero. Malo omwe sanalowe m'kaundulayu amatsata lamulo lina la Deeds Registration Act, ndipo kumeneko ntchito imakula chifukwa loya amayenera kulondola zikalata zonse za momwe malowo akhala akusinthira manja, kuti aone ngati palibe pomwe mzere unaduka.

Nyumba zambiri za m'mizinda zili pa malo a lizi, kawirikawiri ya zaka 99, yochokera ku unduna wa za malo, ku bungwe la Malawi Housing Corporation kapena ku khonsolo ya mzinda. Wogula nyumba yotere amagula zaka zomwe zatsala pa liziyo pamodzi ndi mfundo zake zonse, ndipo kusintha dzina kumafuna chilolezo cha yemwe anapereka lizi. Loya amafufuza zaka zotsalazo, komanso ngati lendi ya malo yakhala ikulipiridwa. Kumadera a m'mphepete mwa mizinda, komwe maploti ambiri amagulitsidwa kudzera mwa madobadoba, nthawi zambiri pamangokhala kalata ya mfumu. Kalatayi ndi umboni woti panali mgwirizano, koma si chikalata cha umwini, ndipo loya wachilungamo amamuuza wogula zimenezi asanatulutse ndalama.

Nyumba za masiye ndizo zimafuna kusamala koposa. Mwini nyumba akamwalira, mwana woyamba kapena m'bale wa malemuyo sakhala ndi mphamvu yogulitsa chabe chifukwa chakuti ndiye wamkulu pabanjapo. Lamulo la Deceased Estates la 2011 limafuna kuti woyendetsa chuma cha masiye akhale ndi zikalata zochokera ku khoti. Wogula akalipira munthu wopanda zikalatazi, mayi wamasiye kapena ana ena akhoza kukatsutsa malondawo, ndipo milandu yotere imatha zaka, ndalama zija zitagawidwa kalekale.

Kafukufuku akatha bwino, loya amalemba kapena kuwunika mgwirizano wa malonda. Mgwirizanowu umatchula mtengo, ndalama zoyamba kuperekedwa, tsiku lomaliza kulipira, tsiku lomwe wogulitsa adzatuluke m'nyumba, ndi zomwe zidzachitike mbali imodzi ikabwerera m'mbuyo. Mfundo yofunika kwambiri ndi yonena za komwe ndalama zidzakhale podikira kuti zikalata zithe. Njira yotetezeka ndi yakuti zisungidwe ku akaunti yomwe loya amasungirako ndalama za anthu omwe akuwayimira, yosiyana ndi akaunti ya ofesi yake, ndipo ziperekedwe kwa wogulitsa pokhapokha mfundo zomwe anagwirizana zitakwaniritsidwa. Wogulitsa yemwe akuumirira kuti alandire ndalama zonse lero, ponena kuti pali wina yemwe akuifunanso nyumbayo, ndiye woyenera kufufuzidwa kawiri.

Dzina lisanasinthidwe, pamafunika chikalata cha bungwe lotolera msonkho la MRA chotsimikiza kuti nkhani za msonkho zili bwino, ndi china cha khonsolo chosonyeza kuti msonkho wa nyumbayo ulibe ngongole. Chikalata chosinthira umwini chimalipiridwa msonkho wa sitampa, womwe umawerengedwa potengera mtengo wa nyumba. Ena amagwirizana kulemba mtengo wotsika pofuna kuchepetsa msonkhowu. Kutero n'kuphwanya lamulo, ndipo kumapweteka wogula yemwe, chifukwa malonda akasokonekera umboni womwe ali nawo umaonetsa ndalama zochepa kuposa zomwe anapereka.

Pa za malipiro, wogula ayenera kupempha kuti loya amulembere kuyambira pachiyambi, posiyanitsa malipiro a loyayo ndi ndalama zopita ku boma monga msonkho wa sitampa ndi zolipira ku kaundula. Ndalama iliyonse yoperekedwa ikhale ndi lisiti lake.

Pali zina zomwe loya sangazione ali mu ofesi. Iye sadziwa ngati denga likudontha, ngati mpanda unalowa m'ploti ya woyandikana naye, kapena ngati m'nyumba ya kuseri muli munthu yemwe wakhalamo zaka zambiri ndipo akuti ali ndi gawo pamalopo. Wogula ayenera kupitako yekha, kucheza ndi anthu oyandikana ndi nyumbayo, ndipo ngati malire akukayikitsa aitane katswiri woyeza malo kuti apeze mabikoni. Zomwe wapezazo akamuuze loya mgwirizano usanasayinidwe.

Chikalata chosinthira umwini chikalembetsedwa, wogula apemphe loya kuti achitenso kafukufuku wina ku kaundula, womwe uonetse dzina latsopano komanso kuti chikole chakale chafafanizidwa. Pambuyo pake mpamene amakasintha dzina ku khonsolo, ku Escom ndi ku bungwe logawa madzi la m'deralo.