Phiri limene linasokoneza katswiri: phunziro la mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu ku Cape Town

Nyengo ikakhala bwino mumzinda wa Cape Town, ngolo ziwiri zolendewera pa zingwe zachitsulo zimakhalira kusemphana pa phiri la Table Mountain, ina ikukwera, inzake ikutsika. Iliyonse imanyamula anthu 65, ndipo m'mphindi zosaposa zisanu imawafikitsa pamalo okwera mamita 1,067 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja. Alendo amangoona kukongola kwa mzinda. Koma kwa wophunzira fizikisi, ulendowu uli ndi funso limene ndi mutu wa phunziro lonse la kayendedwe ka zinthu: kodi ndi mphamvu ziti zimene zikukoka kapena kukankha chinthu ichi, ndipo kodi palibe ina imene yaiwalika?

Ku South Africa ophunzira amakumana ndi malamulo a kayendedwe ka zinthu mu Giredi 11, ndipo ku Malawi amakumana nawo pokonzekera mayeso a MSCE. Ambiri amangowaloweza pamtima ngati mavesi. Mbiri ya mzinda wa Cape Town imaonetsa kuti luso lagona pa kudziwa kuwerenga mphamvu zonse, zooneka ndi zosaoneka zomwe, chifukwa kuiwala imodzi kumasokoneza muyeso, ndipo nthawi zina kumataitsa moyo.

Malamulo atatu

Isaac Newton, katswiri wa ku England, anasindikiza malamulowa m'buku lake la Principia m'chaka cha 1687. Loyamba limati chinthu choima chimakhalabe choima, ndipo choyenda chimapitirira kuyenda molunjika pa liwiro lomwelo, pokhapokha patabwera mphamvu ina yochisintha. Lachiwiri limafotokoza kukula kwa mphamvuyo: kumapezeka pochulukitsa kulemera kwa chinthu ndi mmene liwiro lake likusinthira pa sekondi iliyonse. Lachitatu limati chinthu chikakankha chinzake, nachonso chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana yolowera kumene chachokera. Msodzi wa ku Nkhotakota amalidziwa lamuloli ngakhale sanaliwerenge: nkhafi ikakankhira madzi kumbuyo, madzi amakankhira bwato kutsogolo.

Ngolo za pa Table Mountain, zimene zinayamba kuyenda mu 1929 ndi kukonzedwanso mu 1997, zimadalira malamulo omwewa. Dziko limakokera ngolo pansi, zingwe zimaigwira ndi kuikokera kumtunda. Ikamayenda pa liwiro losasintha, lomwe limafika mamita 10 pa sekondi, mphamvu zonsezi zimakhala zitafanana ndendende. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa, poganiza kuti chinthu choyenda chiyenera kukhala ndi mphamvu yotsalira yochikankha. Mphamvu yotsalira imafunika ponyamuka, poonjezera liwiro, pokhota ndi poima basi. Popeza ngolo ziwirizi n'zolumikizana, kulemera kwa yotsika kumathandiza kukoka yokwera, choncho makina sagwira okha ntchito yonse.

Amisiri sanaiwale mphepo. M'chilimwe mzindawu umawombedwa ndi mphepo yamkuntho yochokera kummwera chakummawa, yofanana ndi mwera wa pa nyanja ya Malawi. Kunsi kwa ngolo iliyonse kuli thanki yamadzi imene imaonjezera kulemera, ndipo malinga ndi lamulo lachiwiri, chinthu cholemera sichigwedezeka msanga ndi mphamvu yomweyo. Mphepo ikanyanya, ngolo zimaimitsidwa.

Mphamvu imene inaiwalika

Phiri lomweli linasokonezapo mmodzi mwa akatswiri osamala kwambiri a nthawi yake. Nicolas-Louis de Lacaille, katswiri wa nyenyezi wa ku France, anafika ku Cape Town mu 1751 ndipo analemba m'kaundula nyenyezi pafupifupi 10,000. Mu 1752 anaganiza zoyeza maonekedwe a dziko. Newton anali atanena kale kuti dziko ndi lozungulira koma lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kummwera kwenikweni, ndipo miyeso ya ku Lapland ndi ku Peru inagwirizana naye. Lacaille anayeza mtunda woposa makilomita 130 kuchokera mumzinda kulowera kumpoto, kudera la mapiri a Piketberg, nayerekeza ndi malo a nyenyezi kumwamba. Zotsatira zake zinadabwitsa anthu: zinaonetsa ngati theka lakummwera la dziko n'losiyana ndi lakumpoto, ngati kuti dziko lili ndi maonekedwe a peyala.

Masamu ake anali olondola. Vuto linali pa kachitsulo kolendewera pa ulusi, konga kamene amisiri omanga nyumba amayezera ngati khoma laongoka. Lacaille anakhulupirira kuti ulusiwo ukuloza pansi molunjika. Koma Newton yemweyo anaphunzitsa kuti chinthu chilichonse cholemera chimakoka chinzake, ndipo phiri n'lolemera kwambiri. Mapiri a mbali zonse ziwiri za muyesowo ankakokera kachitsuloko kumbali pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, komabe mokwanira kusokoneza yankho.

George Everest, amene dzina lake linapatsidwa phiri lalitali koposa padziko lonse, anayendera malowa mu 1820 ndipo anakayikira mapiriwo. Thomas Maclear, mkulu wa malo oonerapo nyenyezi a Royal Observatory ku Cape Town, anabwereza muyesowo m'zaka za m'ma 1840 pa mtunda wautali, ndipo anatsimikiza kuti dziko silili ngati peyala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mulu wa miyala umene uli pansonga ya Table Mountain, pa mamita 1,086, umatchedwa Maclear's Beacon. Amalawi amalidziwa dzinali: David Livingstone, amene Maclear anamuthandiza luso lopeza malo poyang'ana nyenyezi, anatcha dera lina la ku Mangochi kuti Cape Maclear pokumbukira bwenzi lakelo.

Pamsewu sipabwerezedwa muyeso

Kulakwitsa kwa Lacaille kunakonzedwa patatha zaka pafupifupi 90, ndipo palibe anafa nako. Pamsewu zinthu sizikhala choncho. Mu 2022 anthu oposa 12,000 anafa pangozi zapamsewu ku South Africa. Mu Ogasiti 2010, ku Blackheath, dera la mumzinda wa Cape Town, minibasi yonyamula ana asukulu inalowa panjanji zotchingira zili zotseka, ndipo sitima inaiwomba. Ana 10 anamwalira. Sitima yolemera matani mazana singaime pafupi ngakhale woyendetsa ataponda mabuleki nthawi yomweyo, chifukwa mphamvu ya kukhulana kwa magudumu achitsulo ndi njanji ndi yochepa poyerekeza ndi kulemera kwake.

Masamu a m'kalasi amaonetsa zimene maso saona. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Dalaivala akachedwa sekondi imodzi asanaponde mabuleki, mamita 17 amenewo apita kale. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Mvula ikagwa kapena matayala akatha, kukhulana kwa tayala ndi phula kumachepa ndipo mtundawo umatalikanso.

Galimoto ikagunda chinthu n'kuima mwadzidzidzi, thupi la wokweramo limapitirira pa liwiro lakale, monga lamulo loyamba linenera, kufikira litakumana ndi chinachake: lamba, mpando wakutsogolo kapena galasi. Mwana wolemera makilogalamu 10, akaimitsidwa kuchoka pa makilomita 60 pa ola m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, amafuna mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 170, kuposa matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50. Palibe mayi amene manja ake angapirire zimenezi, ngakhale atamukumbatira mwanayo motani. Lamba ndi mpando wa mwana zimatalikitsa nthawi yoimayo ndi kugawa mphamvuyo pa mafupa olimba a thupi. N'chifukwa chake kuyambira mu 2015 lamulo la ku South Africa limafuna kuti ana osafika zaka zitatu azimangiriridwa m'mipando yawo m'galimoto za eni.

Kuphunzira ndi manja

Ku Observatory, dera lotchedwa ndi dzina la malo amene Maclear ankagwirako ntchito, kuli Cape Town Science Centre, kumene ana asukulu amapita kukagwira ndi kuyesa zipangizo zasayansi. Sukulu zambiri za ku Khayelitsha, ku Chipata, ku Tete kapena ku Ntchisi zilibe mwayi wotere, koma phunziro ili silifuna zipangizo zodula. Wilibala yodzaza njerwa ndi ina yopanda kanthu zimaphunzitsa lamulo lachiwiri. Ndowa yamadzi pa njinga yoima mwadzidzidzi imaphunzitsa loyamba. Mwala womangidwa ku ulusi, thabwa lopendekeka ndi wotchi ya pa foni n'zokwanira kuti ophunzira ayeze okha, alembe manambala ndi kukangana za zotsatira zake.

Aphunzitsi a fizikisi amalimbikitsa chizolowezi chimodzi: asanalembe nambala iliyonse, wophunzira ajambule chinthucho ndi kuika muvi pa mphamvu iliyonse imene ikuchikhudza. Yankho likasiyana ndi zimene zaoneka, abwerere ku chithunzicho kukafuna muvi umene wasowa. Wophunzira wozolowera zimenezi ndi amene mawa adzamanga mlatho wopirira madzi osefukira, ndipo lero lomwe angathe kuuza dalaivala wa minibasi, mwaulemu koma ndi manambala, chifukwa chake ayenera kuchepetsa liwiro.