ULENJE WA TOCHI NDI KAMERA M'CHISANU CHA KU MULANJE

Ife a kunyanja tikamanena za chisanu timatanthauza mwera, mphepo ija imawindula madzi m'miyezi ya Juni ndi Julaye mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda. Koma munthu amene sanagonepo ku Mulanje Boma m'miyezi imeneyi, chisanu amangochimva ndi khutu. Kumeneko kuli chiperoni, nkhungu yosakanikirana ndi mvula yowaza imene imatha masiku osakata. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepoyi imachokera. Madzi a wudhu wa swala ya Fajr amalasa zala ngati singano.

Chinatitengera kumeneko ndi mwana wathu wamkazi wa Fomu 2. Tsiku lina anabwera kuchokera ku sukulu ndi nkhani yakuti pa phiri la Mulanje pali bilimankhwe amene sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndiponso kuti dzina limene akatswiri amamutchula nalo ndi la Chichewa. Tinayesa nthabwala. Koma titafufuza tinapeza kuti mwanayo sananame. Bilimankhweyu anamulemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi Donald Broadley m'chaka cha 1965, ndipo mu 2006 akatswiri atatu, Tilbury, Tolley ndi Branch, anapatsa mtundu wake dzina lakuti Nadzikambia, kuchokera ku mawu athu omwe aja akuti nadzikambe. Dzina lake lonse ndi Nadzikambia mlanjensis, kutanthauza nadzikambe wa ku Mulanje. Choncho sukulu zitangotsekera kumapeto kwa Julaye, tinanyamuka ku Mangochi ndi ana awiri, matochi atatu ndi kamera yobwereka, kudzera ku Liwonde, Zomba ndi Limbe.

Mwabwera nthawi yolakwika

Pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango ndiponso poyambira njira zokwerera phiri, tinapeza bambo wotilondolera njira. Titawafotokozera cholinga chathu anaseka.

"Achimwene, mwabwera nthawi yolakwika," anatero. "Achule amayimba dzinja. Panopa aliyense wadzipinda pobisala pake."

Bambowa ankanena zoona. Achule, abuluzi, njoka ndi abilimankhwe matupi awo sapanga okha kutentha monga amachitira matupi a anthu, mbuzi ndi nkhuku. Amadalira dzuwa ndi miyala yofunda. Kukazizira mtima wawo umagunda pang'onopang'ono, chakudya sichigayika msanga m'mimba, ndipo ambiri amalowa m'ming'alu ya miyala, pansi pa zipika kapena m'masamba owola. Pamwamba pa phirili, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, usiku wina wa Juni ndi Julaye madzi amachita kuundana pa udzu.

Komabe chisanu chili ndi mphatso yake kwa wojambula. Mitsinje imakhala itaphwera, kotero munthu amawoloka ndi ana mopanda mantha. Chinanso, kanyama kozizidwa sikathamanga. Buluzi amene mu Okutobala amangoti zii ukamuyandikira, mu Julaye amakhala phee pamwala kudikira kuti thupi lifunde.

Pa miyala ya Likhubula

M'mawa wa tsiku lachiwiri chiperoni chinakata. Cha m'ma 9 koloko tinali titakhala pa miyala ya m'mbali mwa mtsinje, panjira yopita ku Dziwe la Nkhalamba. Bambo aja anatiuza kuti tisayendeyende koma tisankhe mwala wokhala ndi mng'alu umene dzuwa lafikapo, ndi kudikira. Ana anatopa. Patapita nthawi ndithu kamutu kanasuzumira, kenaka thupi lonse linatuluka, lophwatalala ngati lapondedwa ndi galimoto.

Ameneyu ndi buluzi wotchedwa Platysaurus mitchelli, amenenso kwawo ndi ku Mulanje kokha. Anamulemba mu 1953 ndi Arthur Loveridge wa ku yunivesite ya Harvard ku America, amene anayendera dziko la Nyasaland mu 1948 ndi 1949. Mlengi anamupatsa thupi lopyapyala kuti azilowa m'mng'alu umene ngakhale mpeni ungavutike kulowamo. Tinamujambula titagona chafufumimba, zigongono zili pamwala kuti kamera isanjenjemere, dzuwa lili kumsana kwathu. Tinaphunzira msanga kuti chithunzithunzi cha munthu chikamugwera amathawa, chifukwa amayesa kuti ndi kabawi.

M'mphepete mwa madzi tinapezamo achule angapo a miyendo yaitali, a mtundu umene sutalikira mitsinje yosaphwa. Mwana wathu wamwamuna anafuna kugwira mmodzi koma tinamuletsa. Khungu la chule limamwa chilichonse chimene lakhudza, moti sopo, mafuta odzola kapena mankhwala othamangitsa udzudzu otsalira m'manja angathe kumudwalitsa. Mwala uliwonse umene tinavundukula tinaubwezera mmene unalili, pakuti pansi pake ndi nyumba ya wina.

Usiku m'nkhalango ya Ruo

Tsiku lachitatu tinalowera kum'mwera kwa phiri, kudutsa m'minda ya tiyi ya Lujeri mpaka ku chigwa cha mtsinje wa Ruo, kumene kukadali nkhalango yobiriwira chaka chonse. Tinali titapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo. Tinaswali Maghrib pamwala waukulu m'mbali mwa madzi, tinavala majuzi ndi nsapato zotseka, n'kuyatsa matochi.

Bilimankhwe masana sungamuone, koma usiku amagona kunsonga kwa kanthambi ndipo thupi lake limayezuka, moti tochi ikamuwalira amaoneka pakati pa masamba akuda. Tinayenda pang'onopang'ono, tochi ili pafupi ndi diso, kuunika tchire la msinkhu wa m'mawondo. Patatha pafupifupi maola awiri, zala zitachita dzanzi, mwana wamkazi ananong'ona: "Ababa, tsamba ili lili ndi maso."

Anali bilimankhwe wamng'ono wotchedwa Rhampholeon platyceps, amene Albert Günther anamulemba mu 1893. Kutalika kwake ngati chala cha munthu wamkulu, mchira wake waufupi, maonekedwe ake ngati tsamba louma. Masana amasaka tizilombo pansi m'masamba ogwa, usiku amakwera kanthambi kuti agone.

Apa ndi pamene panachitika chinthu chimene chatichititsa kulemba nkhaniyi. Mwana wathu wamwamuna, wa zaka 9, atangoona kuti ndi bilimankhwe anawerama n'kutola mwala. Palibe anamutuma. Bambo aja anamugwira dzanja mofatsa nati, "Iwe mwana, wakulakwira chiyani?" Mwanayo anasowa choyankha, ndipo ifenso makolo tinagwidwa manyazi, chifukwa tinadziwa kumene anaphunzira. Ifenso tili ana tinkathira fodya wamphuno m'kamwa mwa bilimankhwe n'kumaseka akufa. Tinkamva nthano yakuti iye anachedwa ndi uthenga wa moyo, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Ena ankati akakulavulira umachita khungu.

Zonsezi n'zabodza. Bilimankhwe alibe ululu, ndipo chakudya chake ndi ntchentche, ziwala ndi tizilombo tina. Msilamu amadziwanso kuti imfa ndi chikonzero cha Allah, osati kuchedwa kwa kanyama. Mwalawo unagwa pansi. Mwana yemweyo ndiye anagwira tochi cham'mbali, itakutidwa ndi kansalu koyera kuti kuwala kufewe, mlongo wake n'kujambula zithunzi zitatu. Sitinamuchotse pa nthambi yake. Tinazimitsa tochi n'kumusiya ali m'tulo.

Chipembedzo chathu chikutinji?

Qur'an yolemekezeka, mu Surah An-Nur ndime 45, imatikumbutsa kuti zoyenda chokwawa ndi mimba, zoyenda ndi miyendo iwiri ndi zoyenda ndi inayi, zonse Mlengi wake ndi mmodzi. Mu Surah Al-An'am ndime 38 timaphunzira kuti nyama ndi mbalame nazonso ndi mitundu monga ife. M'mabuku a Hadith a Abu Dawud ndi An-Nasa'i muli nkhani ya sing'anga amene anafunsa za kugwiritsa ntchito chule pa mankhwala, ndipo Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) analetsa kupha chule.

Sitikunena kuti muzisewera ndi njoka. Chipembedzo chimalola kudziteteza ku chinthu choopsa. Mphiri imakonda kuwothera dzuwa panjira m'chisanu ndipo siithawa, choncho yendani ndi nsapato zotseka, musapise dzanja m'phanga, ndipo njoka ijambuleni muli patali. Wina akalumidwa musamuteme mphini kapena kumumanga chingwe mothinitsa. Thamangirani naye kuchipatala.

Pa nkhani ya zithunzi za zamoyo ma Sheikh amasiyana maganizo, ndipo ambiri amaloleza zithunzi za kamera zimene cholinga chake n'kuphunzitsa. Ife tinafunsa Sheikh wa kwathu tisananyamuke. Zithunzi zathu sitinazipachike pakhoma, zili m'kope la ana la sayansi.

Amene sitinamupeze

Nadzikambe wa ku Mulanje, amene tinachokera kutali kudzamufuna, sitinamuone. Iye amakhala m'mwamba m'mitengo ya nkhalango yowirira, ndipo nkhalango imeneyi ikuchepa. Bungwe la IUCN linaika iye ndi mng'ono wake uja pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pa chiopsezo chakutha. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, kutsatira paki ya Lake Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Komabe pobwerera tinakumana ndi njinga zosenza matumba a makala, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unatsala pang'ono kutheratu chifukwa chocheka matabwa. Zipsera za miyala ndi matope zimene zinagumuka nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023 tinaziona ndi maso athu.

Ife a kunyanja nkhaniyi siyachilendo. Tikudziwa mmene chambo chinachepera mu nyanja ya Malombe, ndipo tikudziwa kuti mbuna za ku Cape Maclear zikatha palibe kwina kokazitenga. Munthu anaikidwa kukhala khalifa pa dziko, ndipo chimene wasungitsidwa adzafunsidwa nacho.

Simufunika kupita ku Mulanje kuti muyambe. Madzulo ano, ikatha swala ya Isha, tengani tochi ndi ana anu muunike mpanda wa kuseri kwa nyumba. Mukapeza bilimankhwe ali m'tulo, yang'anani kaye zimene dzanja la mwana wanu lichite. Ife, Insha Allah, tidzabwerera ku Ruo mvula yoyamba ikadzagwa, ndipo mnyamata wathu wanena kale kuti tochi yaikulu adzagwira ndi iye.