Chimbale cha Oliver! si sewero lonse

Mdzukulu wanga anandifunsa chifukwa chake chimbale cha Oliver! chimene anachipeza pa intaneti chili ndi nyimbo zokhazokha, nkhani yake osamveka bwinobwino. Nanenso funso limeneli linkandizunguza mutu kale.

Oliver! ndi sewero loimba limene Lionel Bart analemba potengera buku la Charles Dickens lonena za mwana wamasiye, Oliver Twist. Linaonetsedwa ku New Theatre mumzinda wa London mu 1960. Anthu oyamba kuchita sewerolo ndi omwewo amene analowa mu situdiyo n'kujambula nyimbo zake, ndipo kampani ya Decca inatulutsa chimbalecho. Zokambirana zambiri za m'sewero anazisiya, poti chimbale chimodzi cha nthawi imeneyo sichikanakwana sewero lonse. Zili ngati kwaya ijambule nyimbo za mapemphero a Lamulungu popanda ulaliki.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi filimu ya Oliver! ya 1968. Pa anthu a m'nkhaniyi, Ron Moody ndiye amasewera ngati Fagin konsekonse, koma Nancy wa pachimbale cha 1960 ndi Georgia Brown, pamene mufilimu ndi Shani Wallis. Kwa ine, mawu okhuthala a Brown ndiwo akumuyenera mkazi wa m'misewu ya London. Yambani mwamvera chimbalecho, filimu muonere pambuyo.